Kamphepo Athamangitsa Mafuta

Kunyumba onse ankamutcha Kamphepo. Mtsikana ameneyu sankakhala pansi. Koma tsiku lina anangokhala phee. Anali ndi nkhawa. Amayi ake sankadya.

Amayi anali oyembekezera. Chakudya cha mafuta chinkawachititsa nseru. M'mawa anakankha mbale. Masana anakankhanso mbale.

"Amayi, mukufuna chiyani?" anafunsa Kamphepo.

"Ndikulakalaka nyama yogaya ija, mwanangu," anatero Amayi. "Ija ya mbatatesi pamwamba. Koma imachuluka mafuta. Imachedwanso kupsa mu uvuni."

Kamphepo anathamangira kuseri kwa nyumba. Kumeneko Bambo ankapala thabwa. Bambo anali kalipentala.

"Bambo, Amayi ali ndi njala! Akufuna nyama yogaya, koma yopanda mafuta."

Bambo anasiya thabwa pomwepo. Anasasa utuchi m'malaya. Anasamba m'manja.

"Iwe uzitsuka, ine ndizidula," anatero.

Kamphepo anatsuka mbatatesi. Anatsuka kaloti. Anatsuka anyezi ndi tomato. Mpeni wa Bambo unkangoti go! go! go! Kamphepo anangoti kukamwa yasa. Manja a Bambo ndi manja ndithu! Pa thabwa amatha. Pa kaloti amathanso.

"Bwanji mukudula ting'onoting'ono?" anafunsa Kamphepo.

"Kakang'ono kamapsa msanga," anayankha Bambo.

Mbatatesi inalowa mu poto wa madzi owira. Nyama inalowa m'chiwaya. Bambo sanathire mafuta ngakhale kadontho. Koma taonani! Mafuta anatuluka okha mu nyama. Anadzaza pansi pa chiwaya.

"Aa, alendo osaitanidwa awa!" anatero Bambo, akukanda mutu. "Amayi ako sadya izi."

Mtima wa Kamphepo unawawa. Anayang'ana chiwaya. Anayang'ananso.

"Bambo, pendeketsani chiwayacho," anatero. "Mafuta athawira mbali imodzi."

Bambo anapendeketsa chiwaya. Mafuta anathawira mbali imodzi. Bambo anatunga ndi supuni. Anatunga, anatunganso. Mafuta onse anapita m'kapu.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero Bambo. "Wandithandiza, mwanawe."

Bambo anathira anyezi, kaloti ndi tomato. Anathira kamchere. Kamphepo anatsegula zenera kuti fungo la mafuta lituluke.

Mbatatesi inapsa. Kamphepo anainyenya ndi foloko. Batala sanaike. Anangothira kamkaka pang'ono. Bambo anayala mbatatesi pamwamba pa nyama. Anaisalaza bwinobwino ngati tebulo latsopano. Uvuni sanauyatse n'komwe.

Kamphepo ananyamula mbale ndi manja awiri. Ulendo uno sanathamange.

Amayi ananunkhiza. Amayi analawa pang'ono. Kenaka analawanso. Mbale sanaikankhe!

"Waphika ndani?" anafunsa Amayi.

"Bambo!" anatero Kamphepo.

"Kamphepo!" anatero Bambo.

Amayi anaseka. Anadya mbale yonse. Anapempha ina. Iyonso anaimaliza. Kamphepo anasangalala kwambiri, mpaka anavina.

Kenaka Bambo anasuzumira m'chiwaya. Kamphepo anasuzumiranso. Munali mbee!

"Nanga ife tidya chiyani?" ananong'ona Bambo.

"Pepani, bambo a Kamphepo," anatero Amayi, akusisita mimba. "Tinali awiri."