Banga Lakuda pa Sefuliya

Tikhala amakhala kwa Mponda, ku Mangochi. Lero Tikhala ali ndi mantha.

Dzulo kwawo kunabwera alendo. Amayi anabwereka sefuliya yayikulu kwa anti Safia, oyandikana nawo nyumba. Anti Safia saseka kawirikawiri. Sefuliya yawo amayikonda kwambiri. Imawala ngati kalilole.

Amayi anamuuza Tikhala kuti ayimate kaye phulusa lonyowa kunja, asanayiteleke pamoto. Phulusa limateteza sefuliya ku mwaye. Koma Tikhala anayiwala.

Tsopano sefuliya yada bii. Yada m'mbali. Yada pansi. Ndipo anti Safia akubwera masana kudzayitenga.

Tikhala anayitsuka ndi madzi. Mwaye sunachoke. Anafuna sopo. Anangopeza tizidutswa titatu. Mtima wake unagunda, gu, gu, gu.

Anabisa sefuliya kuseri kwa khola la nkhuku. Nkhuku zinayamba kulira. Tikhala anaganiza kuti zikumunenera.

Pakhomo panamveka mapazi. Tikhala anaganiza kuti ndi anti Safia. Koma anali amayi, akuchokera kumjigo.

"Amayi, ndayiwononga sefuliya," anatero Tikhala.

Anakayitenga kuseri kwa khola kuja. Amayi anayiyang'ana. Kenako anamutuma phulusa, mchenga wosalala ndi mandimu awiri.

Amayi anasefa phulusa. Anasungunula tizidutswa ta sopo m'madzi otentha. Anathira phulusa. Anathira mchenga. Anafinyira mandimu. Zinasanduka phala lotuwa.

Tikhala anakwecha. Amayi anakwecha. Kwe, kwe, kwe. Dzuwa linakwera. Mwaye unayamba kuchoka.

M'mbali munawala. Pansi panawala. Koma banga limodzi lakuda linatsala, pafupi ndi mlomo wa sefuliya.

Tikhala anakwecha mpaka zala zinawawa. Banga silinachoke.

"Odi kuno!"

Anali anti Safia. Mtima wa Tikhala unagunda, gu, gu, gu. Anafuna kuthawa. Amayi anamugwira paphewa.

Tikhala anagwada. Anapereka sefuliya ndi manja awiri. Anaulula zonse. Anaulula za phulusa. Anaulula za mwaye. Anaululanso za khola la nkhuku.

Anti Safia anazunguza sefuliya pang'onopang'ono. Anayika chala pabanga paja. Tikhala anatsinzina.

"Mwanawe, ukukwecha banga langali?" anafunsa anti Safia. "Ili ndinaliwotcha ndekha, ndili mtsikana. Nanenso ndinayiwala phulusa. Ukanalichotsa, ndikanayidziwa bwanji sefuliya yanga?"

Tikhala anatsegula diso limodzi. Anti Safia anali kuseka.

Phala lotuwa lija linatsalako. Amayi analithira m'chitini. Anti Safia anatenga chitinicho pamodzi ndi sefuliya yawo.

Madzulo amayi anatenga poto wawo wamng'ono. Asanayankhule, Tikhala anali atafika kale, phulusa lonyowa lili m'manja.