Wa Mpango Kukamwa pa Mlatho

Telala wina anatuluka pachipatala dzuwa litalowa kalekale, ndipo anachita dala. Chimuchitireni opaleshoni ya khansa ya m'kamwa, yomwe inamudula theka la lilime n'kumukhotetsa chibwano, kuwala ankadana nako. Masana anthu amakuyang'anitsitsa, ndipo opweteka kwambiri ndi aja amayang'ana kumbali mwaulemu.

Tsikulo kunali msonkhano wa odwala anzake, uja amakhala mozungulira n'kumauzana zakukhosi. Iye sanatsegule pakamwa. Akanati chiyani? Kuti makasitomala anatha chifukwa akamalankhula samumva? Kuti kunyumba amadyera kuchipinda atakhoma chitseko, kuopa kuti ana angaone chakudya chikutayikira pamalaya? Mkazi wake ankagogoda, kumuchonderera kuti adyere limodzi, iye n'kumukalipira. Munthu woti kale nthabwala zake zinkadzaza shopu, tsopano anali atatopa, kutopa kwa mumtima. Anazimitsa foni n'kulowera njira ya kumlatho. Zokafika kunyumba usiku umenewo analibe nazo.

Magetsi a mumsewu anathera kumbuyo. Pamlatho panali zii, kupatula madzi amene ankalindima pansi. Anagwira chitsulo cha m'mbali. Chinali chozizira.

Kenaka... fungo. Fungo la bala losakanikirana ndi la mankhwala otsukira m'kamwa. Ankalidziwa bwino, linali ngati lake lomwe. Koma linkachokera kumanzere kwake.

Anacheuka. Munthu!

Anali ataima pafupi, wamtali, atakulunga mpango kukamwa. Pobwera, mapazi ake sanamveke. Zovala zake zinkadontha madzi, chonsecho kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha.

"Achimwene, nanunso mumadyera kuchipinda?"

Mawuwo anali ophwanyika, olemera, a munthu wa lilime loduka. Wina aliyense sakanatolapo kanthu. Telala anamva liwu lililonse, ndipo tsitsi linamuima.

"Nda... ndani inu?"

"Ine ndinkakhoma chitseko. Ankagogoda. Sindinkatsegula." Mlendoyo anasuzumira m'madzi. "Kumazizira uko, achimwene. Ndipo kugogoda kumamvekabe."

Telala anafuna kuthawa. Dzanja la mlendoyo linatera paphewa pake... lonyowa, lozizira mpaka kufupa! Linamuchotsa pachitsulo paja. Linamutembenuza.

"Tiyeni."

Anayenda. Mapazi omveka anali a munthu mmodzi. Madontho okha ndiwo ankamutsatira pambali... tho... tho... tho. Sanayerekeze kuyang'ana. Mlatho umene ankauoloka tsiku ndi tsiku unatalika ngati sudzatha.

Atafika kumapeto, dzanja lija linamusiya.

"Ine ndimathera pano. Inu muli ndi kopita."

Telala anacheuka. Panalibe munthu! Paphewa pokha ndi pamene panali ponyowa.

Analiyatsa liwiro, mpweya ukumuthera, malovu akutayika osawasamalanso. Nyumba yoyamba kutsidyako inali ndi nyale yoyaka pakhonde. Asanamalize n'kugogoda komwe, chitseko chinatseguka, ngati kuti mwini wake anali ataima kuseri kwake.

Anali mayi wa imvi zapatalipatali. Anayang'ana chibwano cha telalayo, osathawitsa maso ngakhale pang'ono.

"Lowani, bambo. Lankhulani pang'onopang'ono, ndikumvani. Malankhulidwe amenewa ndinawazolowera."

Telala anafotokoza zonse: utali wa munthuyo, mpango, madzi, za kudyera kuchipinda. Mayiyo anakhala pansi, manja ali pachifuwa.

"Mpangowo... wa mizeremizere, wong'ambika kunsonga?"

Telala anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndinaluka ndine. Amenewo ndi amuna anga. Anadwala matenda anu omwewa. Tsiku lina anati akukatenga mankhwala, tinakawapeza mmawa kumunsi kwa mlathowo. Mwana amene ndinali naye kumsana nthawi imeneyo, pano ali pantchito." Anapukuta misozi ndi chikhatho. "Amuna angawo ankaona ngati akundipumitsa. Bambo, mpaka lero sindigona. Chitseko chikangoti go, ndimathamanga."

Telala anatulutsa foni m'thumba n'kuiyatsa. Itangoyaka, inalira. Anali mkazi wake.

"Yankhani," anatero mayiyo. "Ngakhale asamve mawu onse, amve kuti ndinu."