Fuliji ya Amisiri

Zinayambira pa siteji ya basi, tsiku lomwe dzuwa linkaswa mtengo. Mtsikana wogulitsa zakumwa anali atakhalira ndowa yake, nkhope ili khwinya. Madzi oundana amene anagula m'mawa anali atasungunuka kale. Ndani angagule chakumwa chofunda ngati madzi osamba?

Mnyamata wokonza mafoni, uja aliyense amangomuti Amisiri, anasuzumira pakhomo pa kashopu kake.

"Asisi, bweretsani mabotolowo. Fuliji yanga imangosunga kabotolo kamodzi ka madzi, kakusowa anzake."

Mkulu wake wa mtsikanayo atamva, anaomba m'manja.

"Iwe, mutu si wosenzera ndowa pokha! Madzi oundana umagula tsiku ndi tsiku, apa fuliji ndi yaulere. Uzingomusekerera basi. Kumwetulira amalipira msonkho?"

Mtsikana uja anaganiza, naona kuti nzoona. Mawa lake anafika atadzola milomo. "Mwadzuka bwanji, Amisiri anga?"

Eee, mnyamata anagwa chagada! Anamupatsa dzina loti Kadzuwa, mauthenga nkumangogwa ngati mvula.

"Kadzuwa wanga, wadya? Lero ndakonza mafoni asanu, koma mtima wangawu wandikanika, ukungoitana iwe."

"Inenso wapamtima, popanda inu sindipuma," ankayankha Kadzuwa, uku akuseka ndi mkulu wake mpaka kugwira m'mimba.

Malonda anayenda. Anagula ndowa yachiwiri, nsapato, ngakhale ambulera yaikulu. Koma mtima si botolo loti ungalitseke. Anayamba kumangoyang'ana mmene Amisiri amalumira lilime akamamasula timisomali ta foni, mmene amamupukutira mabotolo ndi malaya awo. Tsiku lina Amisiri atadwala, shopu osatsegula, Kadzuwa analira. Ankalirira zakumwa kapena munthu? Sanafune kudzifunsa.

Loweruka masana uthenga unalowa: "Bwera kushopu, ndili ndi mawu."

Anapeza Amisiri atavala malaya osita bwino. Pakhomo panali telala ndi mayi wa saluni, akugundana zigongono. Koma maso ake anathamangira pakona. Fuliji panalibe! Panangotsala malo oyera pasimenti, mabotolo ake atawandandika pansi, akuchita thukuta.

Amisiri anagwada, natsegula kabokosi.

"Kadzuwa, ndinalibe china chamtengo. Ndagulitsa fuliji kuti ndikugulire mpheteyi. Ndikulonjeza, sindidzakuliza. Ukhale mkazi wanga."

"Mwagulitsa? Nanga zakumwa zanga ndiziika kuti?"

Mawu anatuluka okha, asanawagwire.

"Hiii!" anatero mayi wa saluni, dzanja pakamwa. Telala anayang'ana kudenga ngati kuli nsalu yoti ayeze.

Kadzuwa anamva nkhope ikuyaka. Bwanji nthaka osang'ambika immeze?

"Ayi, sindimatanthauza choncho, wapamtima, ine…"

Amisiri anadzuka pang'onopang'ono, nasasa fumbi pabondo. Sanakalipe. Bola akanakalipa!

"Anzanga ankandiuza, ine nkumawatukwana," anatero motsitsa mawu. "Miyezi isanu ndi itatu, asisi. Mauthenga onse aja munkalembera ine kapena pakonapo?"

Asisi! Dzina la Kadzuwa linafera pomwepo.

"Poyamba zinali choncho," anavomera misozi ili chuchuchu. "Koma pano ndimakukondani, ndithu!"

"Mwina. Koma pakamwa panu pasankha kale." Anamufumbatitsa kabokosiko. "Tengani. Kusitolo anati ikabwezedwa sabata isanathe, abweza ndalama. Zikukwanirani kugula fuliji yanuyanu. Musamavutikenso kusekerera munthu."

Kadzuwa anatolera mabotolo ake limodzilimodzi, atawerama, anthu akumuonerera. Limodzi linagubuduka mpaka pamsewu, osalitsata.

Kunyumba mkulu wake anayeza mpheteyo pa chala chake, naizunguza.

"Ndiye ukulira chiyani? Wapindula, mwana iwe! Lolemba tilawirire kusitolo."

Kadzuwa anamulanda mpheteyo.

Lolemba linadutsa. Sabata inatha. Masiku ano amagulitsira ku siteji ya kutali, amazungulira misewu itatu kuti asadutse pa kashopu kaja. Mkulu wake amamutcha chitsiru m'mawa uliwonse, iye amangovomera.

Mpheteyo anaimangirira pa kachingwe, imakhala m'kati mwa bulauzi. Kuigulitsa sangathe. Kuivala pa chala, manyazi samulola.