Mtsikana Amene Ankavula Magalasi Filimu Ikayamba

Tsiku limene anakumana, Namagalasi sanapite kukafuna mwamuna. Anapita kukafuna filimu, ndipo filimuyo sinali yake.

Mchimwene wake anali atathyoka mwendo pa mpira, ndiye ankangokhala pampando tsiku lonse n'kumatuma anthu ngati bwana. M'mawa umenewo anamupatsa fulashi. "Ukaweruka ukandiikitsire filimu yoopsa. Yoopsa zenizeni, osati zonyengerera ana."

Kashopu koika mafilimu kanali pafupi ndi pokwerera basi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Munali kompyuta imodzi, mipando iwiri, ndi mnyamata wamtali wa mpata m'mano amene aliyense ankangomutchula kuti Wamafilimu. Nayenso mtsikanayu dzina lake lenileni linali litaiwalika ku shopu ya matelala kumene ankasoka. Chigulireni magalasi okhuthala aja, anangosanduka Namagalasi.

"Ndikufuna filimu yoopsa," anatero akupereka fulashi. "Yoopsa kuposa zonse zimene muli nazo."

Mnyamatayo anasiya zimene ankachita n'kumuyang'anitsitsa. "Inuyo chemwali? Mumaonera zoopsa?"

Apa ndi pamene lilime linamupachika. Akanangonena kuti watumidwa ndi achimwene, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mmene mnyamatayo ankamuyang'anira, ngati waona chinthu chosowa, zinamukomera kumtima.

"Ndimazikonda kwabasi. Zachikondi zija zimandigonetsa tulo."

Wamafilimu anameza malovu kaye, kenako anamwetulira mpaka mpata uja unaonekera wonse. "Ndiye tafanana! Ine tsiku silitha osaonera mzukwa. Tandipatseni nambala, zatsopano zikabwera ndizikuuzani."

Zoona zake n'zakuti Namagalasi ankaopa ngakhale jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko.

Mauthenga anayamba sabata yomweyo. Poyamba anali a ntchito: "Kwabwera ina ya chikepe chimene chimaima pamene palibe nsanjika." Mwezi usanathe, "inu" anasanduka "iwe", ndipo mizukwa inayamba kuchepa m'mauthengamo.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Ndakulota ukundisokera mtima ndi ulusi wofiira."

"Bodza! Ukanadzuka ukulira, singano imapweteka."

"Ikakhala m'manja mwako ndipirira, wapamtima."

Ndani akanakana? Namagalasi anagwa m'chikondi chamutu, mpaka tsiku lina anasoka thumba la buluku la kasitomala mozondotsa.

Vuto linali Lamlungu. Lamlungu lililonse masana ankakhala m'chipinda cha Wamafilimu, laputopu patebulo, makatani otseka, filimu yoopsa ikuyamba. Koma mtsikana wochenjera sasowa njira. Nyimbo yoyambira ikangolira, iye ankavula magalasi n'kuwaika m'thumba la siketi. Popanda magalasi, mzukwa ndi kabati zinali chimodzimodzi, zonse nkhungu yokhayokha.

"Bwanji umavula?" Wamafilimu anafunsapo tsiku lina.

"Amandipweteka pamphuno."

"Uzivula ndithu. Ukavula umakongola kawiri."

Ndipo iye ankamusirira bwenzi lakelo. Mwamuna wolimba mtima bwanji! Sankadzidzimuka, sankakuwa. Anthu akuthamangitsidwa mufilimu, iye ankangodzuka mwachifatse kukatunga madzi akumwa, kapena kuwerama kumanga zingwe za nsapato. Namagalasi ankadzifunsa kuti, munthu ngati ameneyu akadzadziwa kuti ndine wamantha komanso wabodza, adzandifunanso?

Filimu imodzi yokha ndi imene inamugonjetsa. Inali ya mashini osokera amene ankasoka okha m'nyumba yopanda anthu, ndipo chovala chilichonse chimene asoka, mwini wake ankapezeka atafa. Imeneyo kuvula magalasi sikunathandize, chifukwa choopsa chake chinali phokoso. Tcheketcheke, tcheketcheke, kenako zii. Sabata yonse ku ntchito, mnzake akangoponda mashini kumbuyo kwake, thupi lonse linkachita tsembwe.

"Pa onse amene taonera, yakukomera kwambiri ndi iti?" Wamafilimu anamufunsa akumuperekeza ku basi.

Akanatchula iti? Enawo anangoona nkhungu. Nkhani imene ankaidziwa bwino inali imodzi yokha.

"Ya mashini ija."

"Nanga yosakukomera?"

"Ya chikepe. Inali yogonetsa."

"Nanenso chimodzimodzi," anatero mnyamatayo ndi mawu otsika.

Ndiye pa tsiku lobadwa la Namagalasi, Wamafilimu anamugulira keke, anamupsompsona pachipumi, n'kumuikiranso ya mashini ija. "Yokondedwa yako, mtima wanga!" Namagalasi anadya keke imeneyo ngati akutafuna thonje.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudetsa nkhawa. Loweruka lililonse masana, kashopu kankakhala kotseka ndipo foni ya Wamafilimu inkakhala yozima. Akafunsa, yankho linali lomwelo: "Ndimakatenga mafilimu atsopano, bebi."

Lachisanu lina nthawi ya nkhomaliro, Wamafilimu anabwera ku shopu ya matelala kuti amuikire batani pa malaya. Anasiya foni pambali pa mashini n'kupita kuseri kwa katani kukasintha. Foni inawala. Tsiku limenelo magalasi anali pamaso, ndipo anaona chilembo chilichonse.

Uthengawo unachokera kwa wina wolembedwa kuti "Chishango Changa".

"Mawa 2 koloko ngati mwa masiku onse. Bambo a ana kulibe, ndiye tikhala awiriwiri. Ukayamba kunjenjemera ndikugwira dzanja. Uja asadziwe."

Uja! Iye anali atasanduka "uja"!

Anasoka batanilo, singano ikumubaya kawiri osamva. Wamafilimu atatuluka akuseka, Namagalasi anamupatsa malaya ndi foni pamodzi.

"Chishango chako chikukudikira mawa. Mkazi wa mwini wake, osachita manyazi!"

Nkhope ya mnyamatayo inagwa. "Wapamtima, si mmene ukuganizira."

"Ndiye ndi ndani? Mumakachita chiyani Loweruka?"

Wamafilimu anayang'ana matelala ena atatu amene anali atasiya kuponda mashini, makutu ali tcheru. Anatsitsa mawu. "Ndi zamanyazi. Pano sindingathe kunena."

"Usadzanenenso kwina kulikonse. Tuluka!"

Madzulo ake mauthenga anagwa ngati mvula. "Duwa langa, ndimvere kaye." "Ndikulumbira, mtima wanga uli ndi iwe wekha." "Ndikakuuza zoona undiseka, mwinanso undisiya." Namagalasi anayankha kamodzi kokha: "Ndakusiya kale." Kenako anatseka nambalayo.

Analira mpaka magalasi anachita nthunzi. Miyezi isanu ndi itatu akupirira mizukwa chifukwa cha munthu ameneyu! Tulo take tonse tija anatayira chiyani? Chomupweteka kwambiri chinali chakuti ankamukondabe. Lamlungu litafika, lopanda filimu yoopsa, lopanda makatani otseka, m'malo mosangalala anangokhala pabedi n'kumayang'ana khoma.

Patatha sabata ziwiri, mu shopu munalowa mayi wojintcha, wovala yunifolomu ya unamwino, chikwama chili kukhwapa. Sanafunse mwini shopu. Analunjika pa mashini a Namagalasi n'kuponya bulauzi yobiriwira patebulo. Mkono wakumanja wa bulauziyo unali ukulendewera ndi ulusi utatu wokha.

"Mungathe kulumikiza mkono umenewu?"

"Ndingathe, mayi. Unakodwa pa msomali?"

"Msomali wake uti? Anauzula ndi mchimwene wanga, bambo wamkulu wandevu zake. Tinkaonera filimu ya mashini osoka okha."

Manja a Namagalasi anaima.

"Ine ndine Chishango uja, mlamu," mayiyo anatero akukoka mpando. Atamwetulira, m'mano munaoneka mpata womwe uja. "Ndine mchemwali wake wamkulu. Ndinamubereka kumsana ine ameneyo. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, koma sabata ziwiri sakudya, wangotsala makutu okha. Ndatopa nazo."

Anatulutsa kope la ana asukulu m'chikwama n'kulitsegula pamwamba pa bulauzi. Namagalasi anazindikira nthawi yomweyo kuti zolembazo ndi za Wamafilimu.

"Ya chikepe. Mphindi 17, dzanja lituluka padenga: yang'ana pakona ya tebulo. Mphindi 41, mwana aseka mumdima: pita ukatunge madzi. Mphindi 58: manga nsapato."

Tsamba lililonse filimu yake. Tsamba la mashini osokera linali lodzaza mpaka m'mphepete, ndipo pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu: "IYI NDIMADANA NAYO. KOMA NDI YOKONDEDWA YAKE. LIMBA MTIMA."

"Mwana ameneyu chibadwire amaopa mdima," namwinoyo anapitiriza. "Mafilimu oopsa amangowaika m'mafulashi a anthu, osawatsegula. Ndiye munabwera inu. Loweruka lililonse amafika kwanga ndi filimu ya Lamlungu, timatsegula makatani onse ndi chitseko chomwe, dzuwa lili phwee, n'kumaonera iye akulemba. Kukuwa kwake! Amuna anga akakhalapo amamuseka mpaka misozi, n'chifukwa chake amakonda kubwera iwo kulibe. Ndinamuuza kuti, iwe, muuze mtsikanayo zoona. Akuti, 'Achemwali, iye uja ndi mkango. Angakonde nkhuku?'"

Namagalasi anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo zonse ziwiri zinatuluka nthawi imodzi. Chimwala chimene chinakhala pachifuwa sabata ziwiri chinangoti gubudu, kugwa. Kunalibe mkazi wina! Kunalibe! Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo iye anali atadya lokwanira.

"Bulauziyi ndisoka mawa, alamu," anatero akupukuta misozi. "Panopa ndibwerekeni kopeli."

Namagalasi anakapeza Wamafilimu m'kashopu kake atakhala kutsogolo kwa kompyuta yozima, atagwira tsaya. Ataona kope m'manja mwa mtsikanayo, anabisa nkhope m'manja.

"Achemwali andipha," anadandaula. "Chabwino, seka. Wadziwa tsopano. Ndine wamantha, ndipo ndinakunamiza kuyambira tsiku loyamba."

"Ndifunse za filimu ya chikepe," anatero Namagalasi.

"Chiyani?"

"Ndifunse kuti mzukwa wake unkaoneka bwanji."

Mnyamatayo anatukula mutu. "Unkaoneka bwanji?"

"Sindikudziwa! Sindinauonepo. Sindinaonepo mzukwa ngakhale umodzi m'chipinda chako chija." Anavula magalasi n'kumupatsa. "Ndikavula awa, ngakhale iweyo ndimangokuona ngati mtolo wa nsalu. Fulashi ija inali ya achimwene anga. Ine ndimaopa ndi jekete lomwe."

Wamafilimu anayang'ana magalasiwo, anayang'ana mtsikanayo, pakamwa pali yasa.

"Nanga ya mashini ija? Yokondedwa yako?"

"Ndimadana nayo kuposa chilichonse! Ndi yokhayo imene inandilowa m'makutu. Ndipo iwe unandiikira kawiri!"

"Ine ndinaionera kanayi chifukwa cha iwe! Kawiri kwa achemwali, kawiri nawe!"

Anaseka mpaka wometa tsitsi anasuzumira, makina ali m'manja, kudzaona kuti kwagwa zotani. Anaseka mpaka mphamvu zinawathera, kenako anangokumbatirana, mitima ikubwerera m'malo mwake pang'onopang'ono.

"Unandipweteka," Namagalasi ananong'ona. "Ndinkaganiza kuti ndakutaya."

"Pepa, mtima wanga. Ndinkaopa kukutaya kuposa mmene ndimaopera mizukwa."

"Ndiye unkaopa kwambiri."

"Kwambiri."

Wamafilimu anamumasula pang'ono n'kutsegula dirowa imene ankasungiramo mafulashi a makasitomala. Pansi penipeni panali kabokosi kakang'ono kofiira, ndipo anakatulutsa n'kukatsegula.

"Ndinagula mwezi watha. Ndinkadikira kuti ndiyambe ndalimba mtima ngati iwe." Anagwada pakati pa mipando iwiri ija, bondo likugunda waya wa kompyuta. "Sindingakulonjeze kuti kukalira chinthu padenga ndidzatuluka kukaona. Tidzabisala limodzi. Koma ndikulonjeza kuti sindidzakubisiranso kanthu, ndipo m'nyumba mwathu simudzalowa filimu yoopsa ngakhale imodzi. Duwa langa, udzakhala mkazi wanga?"

Namagalasi anaona chinthu chonyezimira pakati pa nkhungu, ndi mtolo wa nsalu utagwada pansi.

"Dikira kaye," anatero akutambasula dzanja. "Bweretsa magalasi angawo. Izi zokha ndikufuna ndizione bwinobwino."