Verena ndi Bogi ya Amayi Okhaokha

Verena ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona amayi ake.

Amayi ankadwala. Anagonekedwa m'chipatala ku Cairo. Verena ndi bambo ake, a Sobhi, anachokera kumudzi, kufupi ndi Sohag. Aka kanali koyamba kufika mumzinda wa Cairo.

"Tifulumire, mwanawe," anatero bambo. "Dzuwa likapendeka, amatseka chipata cha chipatala. Tikachedwa, amako sitiwaona."

Anatsika masitepe. Anatsikanso ena. Sitima ya mumzinda imayenda pansi pa nthaka.

Pazenera panali wogulitsa matikiti.

"Tikiti ya pafupi kapena ya kutali?" anafunsa.

"Ya kuchipatala," anatero bambo.

"Ha! Akulu, zipatala muno n'zambiri ngati nkhunda. Chiti?"

Bambo anatchula chipatalacho. Wogulitsa anawauza potsikira. Koma Verena sanamve. Phokoso linali lalikulu.

"Kumeneko n'kutali," anatero wogulitsa. "Mukagula ya pafupi, simukatuluka. Ndipo musaitaye. Mukaifunanso potuluka."

Bambo anagula matikiti awiri a kutali. Imodzi anapatsa Verena. Verena anaifumbata.

Sitima inafika. Mabogi onse anali odzaza. Bogi imodzi yokha inali ndi malo.

"Mulungu watikonda," anatero bambo. "Lowa umu!"

Analowa. Munali amayi okhaokha. Onse anatembenuka.

"Bambo inu! Manyazi mulibe?" anakuwa mayi wina.

"Ndevu zonsezo, mwasanduka mkazi?" anatero wina.

"Ino ndi bogi ya amayi! Tulukani!"

Bambo anachita manyazi kwambiri. "Pepani, azimayi anga! Pepani!" Anabwerera chambuyo. Anatuluka. Anatambasula dzanja kuti akoke Verena.

Zitseko zinatsekeka. Sitima inanyamuka.

Bambo anatsala kunja. Verena anatsala mkati.

"Ababa!" anakuwa Verena. "Ababa!"

Pazenera panangoti bii. Kunalibe thambo. Kunalibe mtengo. Kunalibe bambo. Verena anakumbukira Yona m'mimba mwa chinsomba. Anayamba kulira.

Mayi anakuwa uja anawerama. Mawu ake anafewa.

"Kalanga ine! Anali bambo ako amenewo?"

"Inde, mayi."

"Mukatsikira pati?"

"Sindikudziwa."

"Chipatala, mwina? Dzina lake?"

"Ndaiwala."

Mayiyo anayang'ana tikiti ya Verena. Anapukusa mutu. "Iyi ndi ya kutali. Koma sinena potsikira."

Sitima inaima pasiteshoni yotsatira. Mayiyo anamugwira dzanja. Anatsika naye.

"Dzina langa ndine Nawal," anatero. "Tidikire pano. Bambo ako abwera pa sitima yotsatira."

Sitima ina inafika. Amayi ambiri anatsika. Bambo panalibe.

Ina inafikanso. Amayi ambiri anatsika. Bambo panalibe.

Verena anakhala pansi. Mtima wake unalemera ngati mwala. Pansi pano dzuwa silioneka. Mwina lapendeka kale. Mwina chipata atseka kale. Amayi ali okha pabedi. Akuyang'ana kukhomo. Palibe akubwera.

"Ambuye, ndichitireni chifundo," ananong'ona Verena. "Munamva Yona ali pansi pa nyanja. Kodi ine simundimva?"

Sanamve yankho. Anangomva mapazi a anthu.

"Idya sikono iyi, mwana wanga," anatero Mayi Nawal.

Verena anakana.

Anayang'ana kumanja. Amayi okhaokha. Anayang'ana kumanzere. Amayi okhaokha. Kenako anapukuta misozi.

"Mayi Nawal, pano pamaima bogi ya amayi?"

"Inde."

"Ndiye Ababa sangafike pano. Akuopa. Mwawakalipira paja."

Mayi Nawal anagwira pakamwa. "Zoona, mwana iwe! Ine ndi pakamwa pangapa!"

Anayenda mpaka kumapeto kwa malo odikirira sitima. Kumeneko kunali abambo ambirimbiri. Verena anali wamfupi. Sankaona kanthu. Anakwera pabenchi.

"Ababa!" anakuwa.

Abambo ambiri anacheuka. Koma onse anali bambo a ana ena.

"Ababa!"

Anacheukanso ena. Bambo ake panalibe.

Mwana satchula dzina la bambo ake. Verena anali asanatchulepo. Koma lero anakoka mpweya wambiri.

"A Sobhi! A Sobhi a ku Sohag!"

Kuseri kwa chipilala kunatuluka munthu. Maso ake anali ofiira. Anali bambo!

Bambo anathamanga. Anamunyamula. Anamukumbatira. Tikiti ya Verena inakwinyika, koma sanaitaye.

"Ndinayang'ana paliponse," anatero bambo. "Kwa amayi kokha ndiye sindinayerekeze."

"Mundikhululukire, achimwene," anatero Mayi Nawal. "Koma ulendo wina muziyang'ana chikwangwani cha pabogi."

"Mulungu akudalitseni, achemwali," anatero bambo.

Anakwera sitima ina. Ulendo uno analowa bogi ya onse. Bambo sanamusiye dzanja.

Potuluka, makina anameza matikiti awo. Njira inatseguka. Anakwera masitepe. Dzuwa linali litapendeka.

Anathamanga. Anathamanga ndithu. Mlonda anali akukoka chipata.

"Nthawi yatha," anatero mlonda.

Verena anangogwira chitsulo cha chipata. Misozi inatsikanso.

Mlonda anayang'ana mwanayo. Anayang'ana kumwamba. Anausa moyo.

"Lowani msanga. Ine sindinakuoneni."

Amayi anali pabedi la pakona. Anali ataonda. Koma maso awo anawala.

"Verena wanga! Ndimati simubweranso."

Verena anaika mutu pachifuwa pawo. Anamva mtima wawo ukugunda.

"Mwachedwa kuti?" anafunsa amayi.

Bambo anayang'ana pansi. Anakanda ndevu.

"Ababa analowa bogi ya amayi," anatero Verena.

Amayi anayamba kuseka. Anaseka atagwira pamimba. Odwala ena anasekanso. Bambo nawo anaseka.

"Ambuye alemekezeke," anatero amayi. "Chibwerereni muno, lero ndi pamene ndaseka."