Mphete Yokhwepa ya ku Galway

Mvula inkawaza pamene Dervla Keane anatsika sitima ku Galway. Chibadwire mwana wake Nessa, Dervla anali asanapitepo kutchuthi, ndipo mwanayo tsopano anali ndi zaka zinayi. Amayi ake anachita kumukankha: "Pita ukapumeko masiku asanu. Mwanayu sasungunuka."

Pa Eyre Square panaima basi yopanda denga yozungulitsa alendo mumzinda. Pakhomo pake panali mnyamata wamtali, wa jekete lachikasu.

"Kwerani asisi, pamwamba malo alipo!"

"Mvula yonseyi?"

"Si mvula iyi, ndi moni wa chilimwe cha kuno."

"Moni wakeyo wandinyowetsera nsapato."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Ndine Fintan. Kwerani, jekete ili ndikubwerekani."

Basi itafika kumtsinje, Fintan anatenga maikolofoni n'kukweza dzanja. Pachala panali mphete ya Claddagh, ija ya manja awiri ogwira mtima wovala korona.

"Tamverani alendo! Ikakhala kumanja mtima n'kuloza kunja, mwini wake alibe munthu. Ukaloza mkati, wina alipo. Kumanzere ukaloza kunja, ndi chitomero. Koma kumanzere ukaloza mkati, pepani, wansembe anamaliza kale ntchito. Tsono taonani yangayi!"

Inali kumanja, mtima ukuloza kunja. Azimayi a ku America anaomba m'manja. Dervla ankazidziwa zimenezi kuyambira ali mwana, monga aliyense, koma n'chifukwa chiyani maso a Fintan anakhala pa iye yekha?

Mawa lake Fintan anamuperekeza m'mbali mwa nyanja ku Salthill. Atafika kumapeto anamenya khoma ndi phazi monga mwa mwambo wa kumeneko, kenako anakhala pansi kudya tchipisi.

"Ndili ndi mwana," Dervla anatero. "Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Tullamore, ndipo sukulu sindinamalize. Ngati ukuthawa, thawa pompano tchipisi zisanazizire."

"Tandionetsa chithunzi chake."

Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Maso ndi ako. Dervla, iwe ndiwe dzuwa limene mzinda uno wakhala ukulidikira."

"Mawu amenewo umauza angati pa basi yako ija?"

"Iwe wekha, duwa langa."

Chinthu chimodzi chokha: ikakwana faifi koloko Fintan ankadzuka n'kumapita. Ankati amayi ake amadwala, amafunika mankhwala pa nthawi yake. Kwa Dervla, amene tsiku lililonse amamwetsa mankhwala amayi a anthu ena, zimenezo zinangomuonjezera chikondi. Mwamuna wosamala mayi ake angakhale woipa?

Atabwerera ku Tullamore mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya ku Galway, onse masana.

"Wadzuka bwanji wapamtima? Mpando wako pamwamba pa basi ndaletsa aliyense kukhalapo."

"Lero ndamenya khoma kawiri, kamodzi m'malo mwako."

Chakumapeto kwa Julaye unabwera uthenga wina. "Siya ntchito kumeneko, kuno nyumba za okalamba zilipo zambiri. Nessa adzayambire sukulu konkuno. Ndikulonjeza, sudzaliranso."

Dervla anauwerenga ali m'chipinda chochapira. Ntchito imeneyi anaivutikira zaka ziwiri kuti aipeze. Malo a Nessa kusukulu anali atapezeka kale, yunifolomu itagulidwa. Ataye zonsezi chifukwa cha uthenga wa pafoni?

"Mawu sindidya, Fintan," anayankha. "Bambo ake a Nessa analinso ndi mawu okoma. Ndione chinthu chogwirika."

"Bwera Loweruka. Udzachiona."

Loweruka dzuwa linawala ndithu. Iye ndi Fintan anakhala pakhoma la kudoko la ku Galway, mabwato akugwedezeka pansi pawo. Fintan anatulutsa m'thumba mphete ya Claddagh yagolide, yakalekale, manja ake atasalala ndi kuvalidwa.

"Ndi ya amayi anga. Nawonso anapatsidwa ndi amayi awo."

"Zoterezi zimapita kwa mwana wamkazi, Fintan."

"Wamkazi alibe. Anati ndipatse amene ndamusankha."

Anagwira dzanja lamanzere la Dervla n'kumuveka, mtima ukuloza kunja. Chitomero! Dervla, amene sanalire ngakhale tsiku limene bambo a Nessa anachoka, anagwetsa misozi pa jekete lachikasu lija.

"Ikukhwepa pang'ono," anatero akupukuta m'maso.

"Usapite nayo kwina kulikonse. Ndidzakonzetsa ndekha ukadzasamuka. Wamva, mtima wanga?"

Lamulungu Dervla anakulunga ulusi kumunsi kwa mpheteyo kuti igwire. Analembanso pafoni uthenga wosiya ntchito wopita kwa Mayi Galvin, abwana ake, n'kuusunga kuti adzautumize ali m'sitima.

Lolemba m'mawa akusamba m'manja, mphete inavuka n'kugubudukira m'sinki. Anaigwira itatsala pang'ono kulowa m'bowo. Nanga kuntchito, kumene amavula magolovesi kambirimbiri pa tsiku? Ikanathera m'bini tsiku loyamba lomwe. Kudikira mwezi wathunthu mpaka adzasamuke kunali kupusa. Ataitembenuza anaona mkati mwake dzina la amene anaisula: Hession. Mayi wa nyumba yogona alendo imene anafikira anamulozera kanjira ka kushopu yake. Sitima inali ya thwelofu, nthawi inalipo.

Inali shopu yaing'ono. Kuseri kwa kauntala kunakhala mayi woyembekezera, mapazi atasanjika pabokosi.

"Lowani asisi. Pepani sindidzuka, ndikadzuka ndiye mpaka mawa."

"Khalani choncho. Miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu. Mapazi ngati buledi!"

"Muziwaviika m'madzi ozizira madzulo. Ine zinanditupa ndi zala zomwe."

"Musanene! Taonani izi. Ndine Treasa, mwana wa eni shopu. Ndikuthandizeni chiyani?"

Dervla anavula mphete n'kuika pakauntala. "Ikufunika kuchepetsa pang'ono."

Treasa anaitola, anayang'ana korona wake, n'kukuwa.

"Mwaitola! Mayi anga ine, mwaitola kuti? Onani apa pophwanyikapa, ndinaipanitsa ndi chitseko cha galimoto. Ndinaivula zala zitatupa, ndinkaisunga m'kambale pawindo la kukhitchini. Lachisanu ndingoona palibe! Ndalira masiku atatu. Ndi ya malemu amayi anga, bambo ndi amene anaisula. Mulungu akudalitseni!"

Dervla anakweza maso. Pakhoma, kumbuyo kwa Treasa, panali chithunzi cha ukwati. Mkwati ankamwetulira, dzanja lamanzere lili paphewa la mkazi wake, mtima wa mphete ukuloza mkati. Fintan!

Kunama kunali kosavuta. Akanangoti waitola ku Salthill, n'kutuluka. Koma mayiyu adzabereke mwezi wamawa osadziwa amene akugona naye nyumba imodzi? Iye mwini anadziwa mochedwa za bambo ake a Nessa, mwanayo ali kale m'manja, ndipo onse amene ankadziwa anangokhala chete.

"Sindinatole ayi. Anachita kundiveka Loweruka. Kumanzere."

Treasa anayang'ana ulusi uja. Kenako anatsatira maso a Dervla mpaka pachithunzi.

"Ayi."

"Anati ndi ya amayi ake. Anati amadwala, amawamwetsa mankhwala faifi koloko."

"Amayi ake ali bwinobwino, amasambira m'nyanja m'mawa uliwonse. Faifi koloko amabwera kudzanditenga ine pano." Treasa anacheukira chithunzi chija. "Mphete yake amaisinthira kumanja akamapita kuntchito. Amati n'zoseketsa alendo basi. Ndipo ine ndimaseka nawo! Lachisanu anagwada nane pansi, kufunafuna kuseri kwa firiji."

Dervla anazungulira kauntala, anatunga madzi m'kapu n'kumugwiritsa m'manja.

"Imwani. Pumani pang'onopang'ono. Bambo anu alipo?"

"Ali kumbuyoku."

"Aitaneni. Musakhale nokha lero."

Foni ya Dervla inalira pakauntala. Onse awiri anawerenga.

"Uyende bwino duwa langa. Mphete uisamale, ndi moyo wanga wonse."

Treasa anatenga kalumo, anadula ulusi uja n'kuupereka kwa Dervla. Mphete anaifumbata.

"Munali ndi pulani yanji naye?"

"Ndimati ndisiye ntchito lero. Ndisamuke ndi mwana."

"Mwatumiza kale?"

"Ayi."

"Bola inu."

Njira ya kusiteshoni imadutsa pa Eyre Square. Basi inali itaima pamalo pake, alendo atadzaza pamwamba, Fintan ali pakhomo ndi jekete lachikasu. Atamuona anatambasula manja.

"Wapamtima! Wabwera kudzatsanzika?"

Kenako anaona chala chopanda kanthu.

"Mphete ili kuti?"

"Kwa mwini wake."

"Dervla, tamvera, si mmene ukuganiziramo. Ine ndi Treasa zinthu sizikuyenda, ndimafuna ndikuuze..."

"Unaba mphete ya mayi wakufa, kwa mkazi wa mimba ya mwana wako, kuti undisiyitse ntchito. Unaona chithunzi cha Nessa, Fintan! Unati maso ndi anga!"

"Tsitsa mawu, alendo akumva."

"Amve! Si paja umawaphunzitsa za mphete?" Anayang'ana m'mwamba. "Amayi inu, yakeyo ili dzanja lolakwika. Malo ake ndi kumanzere, mtima mkati. Wansembe anamaliza kale ntchito."

Pamwamba panalibe woomba m'manja.

M'sitima anatsegula uthenga wa Mayi Galvin uja, anauwerenga kamodzi n'kuufufuta. Anafufutanso nambala ya Fintan. Kenako analembera amayi ake: "Yunifolomu ya Nessa musabweze kushopu. Ndifika cha m'ma thu koloko."

Analira kuchokera ku Galway mpaka ku Athlone, nkhope itatsamira pawindo, kaulusi kaja kali m'manja. Sitima itaima anakataya m'bini n'kupukuta nkhope, chifukwa Nessa amazindikira msanga maso ofiira.

Lachiwiri seveni koloko anali kale pantchito. Anavala magolovesi, ndipo panalibe chokola pachala.