Wailesi Imene Brodie Anati Yafa

Anakumana pamalo ochapira zovala ku Perth, pomwe Tahlia ankagwira ntchito. Brodie anabwera ndi maovololo onunkha dizilo. Anati amakonza mapampu a madzi m'mafamu a ng'ombe kumpoto. Pochoka anatenga zovala zake, ndi nambala ya foni ya Tahlia yomwe.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Duwa langa, kuno kulibe chokongola. Fumbi ndi ntchentche basi. Ndikatsinzina ndikumaona iwe."

"Ndikutengera ku Broome. Mphete ndikakuveka m'mbali mwa nyanja. Ndilibe wina, Tahlia. Iwe wekha."

Tahlia anali mwana wa m'tauni wotopa ndi tauni. Ntchito anasiya. Brodie atabweranso kudzamutenga, Tahlia analongedza chikwama chimodzi, ulendo.

Atayandikira ku Meekatharra, Brodie anasiya msewu wa tala n'kulowa wafumbi. Anati ndi wachidule. Dzuwa lili paliwombo, galimoto inatulutsa nthunzi kutsogolo, inatsokomola, n'kuzima. Paipi ya rediyeta inali itang'ambika.

"Zazing'ono izi, wokondedwa," anatero Brodie.

Anaikulunga ndi tepi. Anathira madzi akumwa a m'chigubu. Anayenda pang'ono, paipi inaphulikanso. Anakulunganso. Anathiranso. Kachitatu chigubu chinangolira mphepo. Linatsala botolo limodzi, lofunda ngati tiyi.

Kutsogolo dothi lofiira. Kumbuyo dothi lofiira. Foni inalibe netiweki.

"Madzi athu wamwetsa galimoto," anatero Tahlia. "Ife timwa chiyani? Tepi?"

"Usandisokoneze, ndikuganiza."

"Ukuganiza ndi chiyani, poti mutu unausiya ku Perth? Itana anthu pa wailesi yolankhuliranayi."

"Yafa."

"Yafa liti? Dzulo imalankhula."

"Ndati yafa, Tahlia. Ndikonza ndekha."

Anabwerera kuboneti. Tahlia anakhala pampando wotentha, milomo itayamba kung'aluka. Mtima unkawira. Mwamuna wa kutchire wanji wothira madzi akumwa m'paipi yong'ambika? Nanga wailesi imafa bwanji itangofika kwawo kwa Brodie? Anawerama n'kuyang'ana pansi pake. Waya anali lendelende, wochita kuzulidwa ndi dzanja.

Anamulowetsa. Wailesi inayamba kuphwerekesa.

"Alipo akundimva? Galimoto yatifera mumsewu wafumbi, kum'mawa kwa Meekatharra. Madzi atithera."

Brodie anatulutsa mutu mothamanga mpaka kudzigunda kuboneti. "Siya imeneyo!"

Anachedwa. Mawu a munthu wachikulire anali atayankha kale.

"Ndakumva, mwana wanga. Ndine Des. Galimoto yotani?"

"Yoyera, ya makwerero pamwamba. Ya Brodie, wokonza mapampu."

"Ya Brodie. Nanga iwe ndiwe yani?"

"Chibwenzi chake. Tikupita ku Broome kukavekana mphete."

Pa wailesipo dalaivala wina wa thiraki, kaya anali kuti, anaseka mpaka kutsokomola.

"Des, mkamwini wako uja ameneyo. Si uja anapita ku Perth kukagula zipangizo?"

"Zipangizo zake wazipeza," anatero wina.

"Khalani chete, agalu inu," anatero a Des. Mawu awo anali ouma. "Mwana wanga, mvera. Brodie anakwatira mwana wanga Kirrily. Panopa ndi woyembekezera, watopa. Musachoke pagalimotopo. Khalani pamthunzi. Ndikubwera."

Tahlia anabwezeretsa cholankhuliracho pamalo pake mwapang'onopang'ono. Anatsika.

"Duwa langa, ndilole ndifotokoze."

"Duwa lako ndani?"

"Ine ndi Kirrily zinatha kale mumtima. Ndimafuna kukuuza tikafika."

"Zinatha, mimba n'kubwera yokha? Ndi mphepo?"

"Tahlia, ndimakukonda."

"Tala unamuthawa chifukwa pamalo onse omwetsera mafuta amakudziwa. Waya unazula chifukwa mawu ako amawadziwa. Umati tife ndi ludzu, bola apongozi ako asamve. Ndiye chikondi chimenecho?"

"Sitikanafa. Bwenzi nditakonza."

Tahlia anatola sipanala n'kuponya. Inaphonya Brodie, inaswa nyale yakutsogolo. Anatenga botolo lija n'kukakhala kumbali ina ya galimoto, komwe kunali kamthunzi. Analira, koma mwaukali, akupukuta misozi ndi chibakera. Ntchito yapita. Chipinda anabweza kwa eni ake. Anzake onse anawalonjeza zithunzi za mphete. Akawauza chiyani?

"Ndigaireko pang'ono," anatero Brodie kuseri.

"Kamwe a mu rediyeta."

Dzuwa litapendeka kunaoneka fumbi. A Des anali aafupi, a ndevu zotuwa, chipewa chodyeka ndi thukuta. Anatsika m'galimoto yawo ya pafamu ndi chigubu. Anayamba kupatsa Tahlia. Kenako anakhazika chigubucho pansi, kutsogolo kwa Brodie, osamuyang'ana.

"Bambo, ndikudziwa mmene zikuonekera..."

"Imwa madzi. Usanditchule bambo."

Anasuzumira mu injini n'kupukusa mutu. "Waiwotcha. Ndi ya chingwe iyi."

"Musiyeni pompano," anatero Tahlia.

"Mtima ukufuna, mwana wanga. Koma kuno munthu sitimusiya panjira. Ngakhale galu ngati uyu."

Anamangirira chingwe. A Des anauza Brodie kuti akhale pachiwongolero cha galimoto yakufayo. Injini yozima, choziziritsira mpweya palibe. Akatseka mawindo apsa, akatsegula adya fumbi. Asankhe yekha.

Tahlia anakwera kutsogolo ndi a Des.

"Sindimadziwa," anatero Tahlia.

"Ndamva mawu ako pa wailesi. Wodziwa salengeza choncho." Anasintha giya. "Ndikusiya pamsewu wa tala. Kuli mayi wina wa thiraki akupita kumwera, ndamuuza kale akudikire."

"Nanga Kirrily?"

"Wailesi ya kunyumba imakhala kukhitchini. Wamva zonse. Akuti ndimubweretse wamoyo."

Wailesi inaphwerekesanso. Anali Brodie, akutsokomola.

"Tahlia, chonde. Des, chepetsaniko liwiro. Sindikuona chilichonse kuno, sindikutha kupuma."

Tahlia anayang'ana pagalasi. Galimoto yoyera ija sinkaonekanso. Kunkangooneka chingwe chikulowa mumtambo wofiira.

"Msewu wafumbiwu watsala wautali?" anafunsa.

"Ndithu. Ulipo wina wachidule, wa miyala. Ulibe fumbi."

Tahlia anazimitsa wailesi.

"Tiyeni wautali womwewu. Ndipo pondaniko pang'ono."

A Des anaponda moto.